Mphatso ya Mang Pulong Yabwerera

Meseji ya kampani ya hotela italowa pafoni, Aling Nenita anasiya nsomba pamoto n'kukaiwerengera pakhomo mokweza, kuti aneba amve nawo. Fizi yosamalira chipinda yakweranso, pano ndi mapeso 38,000. Chipinda chake ndi cha kuhotela ya kunyanja, chomwe amuna awo, Mang Pulong, anagula kuti chizikhala chawo sabata imodzi pachaka. Anasaina zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo atadyetsedwa nkhanu zaulere, eti kukana munthu amene wakudyetsa n'zamanyazi. Sabata yake? Ya mu Ogasiti, nthawi ya namondwe. Anapitako kawiri basi, kukaonera mvula pawindo.

Chaka chino kuti alipire, sakanachitira mwina koma kugulitsa njinga yamoto yonyamulira anthu, yomwe imadyetsa banja lonse.

Mang Pulong anati pulani ilipo. Mwana wa aneba ankakwatiwa, ndipo iwo anasankhidwa kukhala ninong, mkulu woimira ukwati amene aliyense amadikira kuona mphatso yake. Anapinda kontirakiti ya chipinda chija mu envulopu yagolide n'kulengeza pa maiki kuti akwati awapatsa hotela. M'manja munaombedwa, azakhali ena mpaka misozi.

Lolemba m'mawa envulopu inabwerera ndi mayi a mkwatibwi, Aling Sabel.

"A ninong, mwana wanga anakulakwirani chiyani kuti mum'senzetse fizi imeneyi? Bola mukanam'gulira poto wa mpunga."

Mang Pulong anati basi atumiza mapeso 15,000 kwa mkulu wina wa pa intaneti amene amatulutsa anthu m'mapangano otere. Aling Sabel, omwe anakalambira pa ntchito yotayipa kwa loya, anati ameneyo ndi wakuba wachiwiri. Kungosiya kulipira nakonso ayi, ngongole imaswana. Anavala magalasi n'kuwerenga pepala lonse, zomwe mwini wake anali asanachitepo. Pa tsamba 14 panalembedwa kuti pakatha zaka zisanu munthu atha kubweza sabata yake polemba kalata.

Aling Sabel anawalembera kalatayo, natumiza pa positi yosainira, kope n'kusunga. Kampani zii. Patatha mwezi anakadandaula ku ofesi ya boma yoteteza ogula, ndipo mbali zonse zinaitanidwa.

Kumeneko mnyamata wa kampani, tayi ili pakhosi, anamwetulira n'kunena kuti bwana ngati awa sayenera kuchoka, awaonjezera sabata yachiwiri pamtengo wachibale. Mang Pulong anayamba kugwedezera mutu. Aling Nenita anawaponda chala.

"Bambo, mukangogwira cholemberacho, muzikakhala konko chaka chonse."

Kampani inalandira sabata yake, kalata yothetsa pangano inadindidwa tsiku lomwelo, ndipo njinga sinagulitsidwe.

Inu amene muli ndi pangano lotere, musalikankhire kwa anzanu, ndipo musatumize ndalama kwa munthu wa pa intaneti. Werengani tsamba lililonse, lembani kalata, sungani kope. Akakhala chete, pitani ku ofesi yoteteza ogula.