Womasulira wa Mayi Raushan

Mumzinda wa Almaty, aliyense wokonda opera, masewero ochita kuyimba aja, ankawadziwa a Dulat Sarsenov. Iwo sankayimba, ndipo piyano ankangoigogoda akafuna kupereka chitsanzo. Ntchito yawo inali ya pakamwa ndi cholembera. Sewero lisanayambe, ankaima m'chipinda cham'mbali mwa holo yaikulu n'kumafotokozera anthu zimene akukamva: ndani akukonda ndani, ndani afe, nanga n'chifukwa chiyani zitoliro zimatsitsa mawu mfumukazi ikamalowa. Loweruka ankalemba m'nyuzipepala za amene ayimba bwino ndi amene aphonya. Imvi zinawapeza ali pa ntchito yomweyi.

Mwa oyimba onse, amene ankalimbana nawo kwambiri anali mayi Raushan Imanbaeva. A Dulat analembapo kuti mawu a mayiwa ndi okoma zedi, koma amathamanga nayo nyimbo ngati munthu woopa kusiyidwa ndi basi. Mayi Raushan sanaiwale. Akakumana pakhonde la holo ankawalonjera kuti, "Muli bwanji aphunzitsi a kusambira, inu amene simunalowepo m'madzi?" Sanali adani, komanso panalibe amene anamwapo tiyi kunyumba kwa mnzake. Mayiwo atapuma pa ntchito yoyimba, awiriwa anatayana.

M'mawa wina m'nyengo yozizira, a Dulat analandira foni kuchokera kwa Zere, mwana wamkazi wa mayi Raushan. Anawauza kuti amayi ake ali m'chipatala, anachita sitiroko, mbali yakumanja inafa ndipo kulankhula kunatheratu. Chodabwitsa n'chakuti kuyimba ankayimba. Madokotala anati zimachitika, poti kulankhula ndi kuyimba sizikhala malo amodzi m'mutu. Vuto linali lakuti ankangoyimba Chitaliyana cha m'masewero, pamene a pabanjapo ankadziwa Chikazaki ndi Chirasha basi. Akawawombera m'manja, mayiwo ankakwiya n'kutembenukira kukhoma.

A Dulat anayesa kuzemba. Anati kuyunivesite kuli anthu odziwa Chitaliyana kuposa iwo.

"Tinabwera naye mmodzi, Dulat-aga," anatero Zere, akuwatchula mwaulemu monga amatchulira akuluakulu kwawoko. "Anatiuza kuti amayi akunena kuti chombo chafika padoko. Chombo chanji kuno kopanda nyanja? Tikufuna munthu wodziwa pamene mawuwo akuchokera."

A Dulat anapita masana a tsiku lomwelo. Mayi amene kale ankadzaza nsanja yonse ndi madiresi aatali anali atachepa pabedi, pakamwa patapendama. Atawaona a Dulat, anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakoka mpweya n'kuyamba. Mawu anali ofooka ndi osasa, koma nyimbo sinasochere.

A Dulat anaizindikira mzere woyamba usanathe. Inali ya m'sewero lina limene analifotokozapo kosawerengeka, pamene mkazi wogwidwa ukapolo waona chombo chakwawo ndipo akupempha kuti amutenge. Anavula magalasi n'kumuuza Zere kuti amayi ake akufuna kupita kwawo. Mayi Raushan anamenya bulangete ndi dzanja lamanzere movomereza, misozi n'kuyamba kutsikira m'khutu.

Kuyambira pamenepo a Dulat ankabwera tsiku lililonse. Nyimbo ya paphwando inkatanthauza tiyi wamkaka. Ya msilikali wovulala inkatanthauza kuti phewa likupweteka. Nthawi zina ankalephera, ndipo ankabwerera kunyumba mutu uli gwaa, n'kumakasanthula mabuku awo akale. Tsiku lina anatalikitsa kufotokozera namwino mbiri ya sewero lina, mayi Raushan n'kuwadula ndi kanyimbo kachangu, diso lili pa iwo.

"Akuti chiyani?" anafunsa Zere.

"Apa m'pamene dona akuthamangitsa wantchito wake wolongolola," anatero a Dulat. "Akunena ine."

Zere anaseka koyamba chiyambire matendawo, ndipo theka la nkhope ya amayi ake linaseka naye.

Mayi Raushan atatulutsidwa m'chipatala anawatengera kunyumba kwawo, pansanjika yachitatu, kumene kunali piyano yawo ndi zithunzi zawo. Onse ankayesa kuti zatheka. Koma madzulo omwewo mayi Raushan anayambanso ya chombo ija, ndipo anakana kudya. A Dulat anakhala pampando, manja ali pamaondo, akuganiza. M'sewero muja mkaziyo sankalirira nyumba imene ankagonamo, ankalirira dziko limene anabadwira. Anamufunsa Zere ngati kumudzi kunatsala wina. Zere anati kuli amayi ake aakulu, a Kulyash, kumudzi wina wa m'chigwa cha mtsinje wa Ili, kumene amayi ake anachokako ali mtsikana.

Dokotala sanakondwe nazo. Anati kumeneko chipatala chili kutali, ndipo sitiroko yachiwiri ikabwera sipadzakhala chochita. Zere anavutika mumtima. Anawafunsa a Dulat ngati akutsimikiza kuti zimene akumasulirazo n'zoona, poti moyo wa amayi ake unali pa mawu awo. A Dulat, amene moyo wawo wonse ankaweruza oyimba mosaphethira, anachita mantha. Anamuuza kuti afunse mwini wake. Zere anagwada pafupi ndi bedi, anatchula dzina la mudziwo, ndipo amayi ake anamugwira dzanja mwamphamvu osafuna kulisiya.

Ananyamuka chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chitasungunuka. A Dulat anapita nawo, chifukwa popanda iwo wodwala akanakhala wopanda pakamwa. Kanali koyamba kuti ajombe kuntchito, ndipo anapempha mnzawo wina wa kuholo kuti akaime m'malo mwawo. Kumudziko anawapatsa chipinda chonunkha maapozi ouma. Ankadzuka ndi kulira kwa nkhosa, n'kukakhala pafupi ndi bedi kudikira nyimbo.

A Kulyash anali gogo wamfupi wosakonda zolankhula zambiri. Ankamusambitsa mng'ono wawo, kumupesa tsitsi, kwinaku akung'ung'udza nyimbo zimene amayi awo ankayimba popota ubweya. Masiku oyamba mayi Raushan ankangomvetsera. Kenako anayamba kuyankha. Chitaliyana chinayamba kuchepa, m'malo mwake munabwera Chikazaki cha paubwana, nyimbo zogonetsera ana ndi zoitanira ziweto, zimene a Dulat sanazilembepo ngakhale kamodzi. Mayiwo akayimba, a Kulyash ankadziwa okha ngati akufuna msuzi kapena kutulutsidwa padzuwa.

M'mawa wina a Dulat anakhala pampando wawo mpaka tiyi kuzizira, popanda wowafunsa kanthu. Zinawapweteka, ndipo anadabwa kuti zawapweteka chotero. Anamuuza Zere kuti abwerera kutauni. Potsanzika, mayi Raushan sanawayimbire. Anangowakoka mkono wa jekete, n'kuwasisita patsaya ndi dzanja lawo lamoyo lija.

Mayi Raushan anamwalira chilimwe chitangoyamba. Zere anawauza a Dulat pafoni kuti anapita ali panja pansi pa mtengo, mkulu wawo ali pambali. A Dulat anakwera basi yoyamba n'kukapeza mwambo wa maliro usanayambe. Anapita kumanda pamodzi ndi amuna anzawo, anaponya dothi lawo, ndipo pachakudya anakhala pakati pa abusa a nkhosa amene sanaonepo opera. Mmodzi wa iwo anawafunsa ngati n'zoona kuti malemuwo ankayimba pamaso pa anthu ambirimbiri popanda chokuzira mawu. A Dulat anati n'zoona, ndipo wokhala mpando wakumapeto ankamva ngakhale kunong'ona kwawo. Bamboyo anapukusa mutu, n'kuwawonjezera nyama m'mbale.

Pobwerera, a Kulyash anawamangira tchizi chouma m'kansalu kuti akadye m'njira. A Dulat anachifungatira pamiyendo ulendo wonse, osachimasula.