Obwera Kudzachirira Kwawo

Lamulo latsopano lija silinali lopusa, ndipo wonena kuti linali lopusa sanaonepo mayi akutha magazi m'kachipinda kopanda dokotala. Akuluakulu a ku likulu la chigawo chathu anati m'malo mwa tizipatala tambirimbiri topanda kanthu, boma lililonse likhale ndi zipatala zochepa koma zokwana, zokhala ndi dokotala wa opaleshoni, magazi ndi magetsi. Kachipatala kalikonse kosabadwitsa ana khumi pamwezi katsekedwe, mzamba wake apite ku chipatala chachikulu. Dokotala Bibhuti Panigrahi, mkulu wa zaumoyo m'boma la Dhamangarh, analilandira lamuloli ndi manja awiri. Anali atatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti apume pa ntchito, ndipo ankafuna kusiya chinthu chimodzi chowongoka m'boma lomwe zambiri zinamukanika.

Mndandanda wa tizipatala totsekedwa unatuluka m'kompyuta. Mayi aliyense woyembekezera amapatsidwa nambala kumudzi komwe walembetsa mimba, ndipo mwana akabadwa, kompyuta imamuwerengera ku chipatala cha mudzi umenewo. Pa dzina la Kherapani, kachipatala ka kumapiri kutsidya la mtsinje wa Baghnadi, panalembedwa ana awiri pamwezi. Panigrahi anasaina m'mawa wina mu Malichi, tiyi wake asanazizire n'komwe. Boma lake ndilo linali loyamba kutumiza mndandanda ku likulu, ndipo tisabise, ananyada nazo.

Patapita masiku asanu, mu ofesi mwake munalowa Kuntala Majhi, mzamba wa ku Kherapani, mayi wamfupi wa imvi amene aliyense, ngakhale omuposa zaka, ankamutchula kuti Didi, kutanthauza kuti achemwali. Ananyamula buku lalikulu lokulunga m'nsalu yakale ya sari, chovala cha amayi a kuno.

"Bwana, ndabwera kudzaona munthu amene akuti ine ndimangogona masana," anatero Kuntala.

"Khalani pansi, Didi."

"Ndakhala maola anayi m'basi, m'chiuno mwandikana kale. Inu ingowerengani."

Panigrahi anatsegula bukulo nayamba kutsata mizere ndi chala. Dzina la mayi, tsiku, kulemera kwa mwana, chidindo cha chala. Chaka chathacho chokha munali ana zana limodzi ndi makumi atatu.

"Nanga kompyuta ikuti awiri bwanji?" anafunsa.

"Kompyuta yanuyo ili ndi amake?" Kuntala anamuyang'ana m'maso. "Anyamata a kwathu onse ali ku mzinda wa Surat kuluka nsalu, ndiye atsikana athu amakwatiwa kuchigwa, kwa eni minda ya mpunga. Mimba amalembetsa kwa apongozi awo. Ukafika mwezi wachisanu ndi chiwiri, bambo amapita kukatenga mwana wake, amamuveka zibangili, amamudyetsa chilichonse chomwe mtima wake ukufuna, n'kubwera naye kwawo. Amachirira m'manja mwangamu. Koma nambala ili kuchigwa, ndiye mwanayo mumapatsa a kuchigwa. Thukuta langa, mbiri ya wina. Kodi inu, bwana, munabadwira kuti?"

Panigrahi anabadwira kwa agogo ake akuchikazi. Mkazi wake Sabitri anakachirira kwa bambo ake. Iye mwini, zaka ziwiri zapitazo, anakwera sitima kukatenga mwana wake wamkazi ku Pune, atanyamula zibangili zofiira m'chikwama. Mwambo womwe ngakhale mbuzi za kuno zikuudziwa, iye anauiwala chifukwa nambala inabwera yotayipa bwino. Safunsa anadya phula, ndipo manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

"Akuti titseke kumapeto kwa Epulo," anapitiriza Kuntala, mawu atatsika. "Mvula ikayamba mu Juni, Baghnadi amameza mlatho. Ndili ndi atsikana khumi ndi asanu ndi atatu odzachira mu Julaye ndi Ogasiti. Mayina awo ali kumapeto kwa bukulo."

"Sabata yamawa kuli msonkhano ku likulu. Ndikanena pamaso pa onse kuti ndinalakwitsa. Ndisiyireni bukuli."

"Mukalibweze. Ndilibe lina."

Msonkhanowo unali wa akulu a zaumoyo a m'maboma onse makumi atatu, ndipo wapampando anali Mayi Vasudha Kamath, mlembi wamkulu wa zaumoyo m'chigawo, amene lamulo latsopanoli linali ngati mwana wake wobala yekha. Panigrahi anakhala mzere wachitatu, buku la Kuntala lili m'chikwama pansi pa mpando, mawu atawakonza kale m'sitima. Koma asanakweze dzanja, anamva dzina lake. Mayi Kamath anali kuuza ena onse kuti atengere chitsanzo cha Dhamangarh, boma lomwe linamaliza ntchito popanda kudandaula ndiponso popanda kutumiza phungu kudzapempha chifundo. Anamuitanira kutsogolo. Anamufunditsa shawelo yoyera paphewa monga tichitira polemekeza munthu, anamupatsa maluwa, wojambula n'kuwauza kuti ayandikane.

"Muli ndi mawu, Dokotala?" anafunsa Mayi Kamath, akumupatsa maikolofoni.

Zaka makumi atatu ndi zitatu za ntchito, palibe anamufunditsapo shawelo. Ankangomukumbukira kolera ikabuka. Anayang'ana anzake aja, ena omwe ankamuseka kuti ndi dokotala wa kutchire.

"Zikomo, Madamu," anatero. "Tinangochita ntchito yathu."

Anthu anaomba m'manja. Munthu wamantha akanakhala bwino, chifukwa amadziwa kuti ndi wamantha. Panigrahi sanali wamantha. Anangodziuza kuti nkhani yotere imakoma kuikamba pambali.

Anawapeza Mayi Kamath pakhonde nthawi ya chakudya chamasana, nawatsegulira bukulo pomwepo. Mayiwo anawerenga ataimirira, nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Sanali munthu woipa. Anali munthu wotopa.

"Dokotala, bwanji simunanene muja?" anafunsa. "Vutoli si la Kherapani yokha, liyenera kuti lili m'maboma onse a kumapiri. Mukananena, ndikanaimitsa mndandanda wonse, zikanalowa m'zolemba za msonkhano. Pano zolembazo zatsekedwa, ndipo madzulo ano zikupita kwa nduna, chithunzi chanu chili pamwamba."

"Simungangolamula kuti Kherapani isatsekedwe?"

"Ndikatsegula chimodzi ndi pakamwa, mawa aphungu makumi atatu ali pakhomo panga, aliyense ndi kachipatala kake kopanda ngakhale thonje. Lamulo lonse lifera pomwepo, ndipo amayi apitiriza kufera m'tizipinda tija. Lembani kalata, ipite ku komiti. Ndiikankha momwe ndingathere."

Kalatayo anailemba tsiku lomwelo, ndipo m'menemo sanadzibise. Analemba kuti wolakwa ndi iye. Koma kulapa kwa papepala kumayenda ndi miyendo ya fayilo, ndipo fayilo ya ku likulu ilibe changu. Epulo anatha, pa chitseko cha Kherapani anakhomapo loko, firiji ya mankhwala anaikweza pa lole. Kuntala anamusamutsira ku chipatala chachikulu cha Dhamangarh. Akakumana pakhonde, ankagwirizanitsa manja pachifuwa kupereka moni, n'kudutsa osanena kanthu. Panigrahi akanakonda kutukwanidwa.

Anayesa zomwe akanatha. Anaika ambulansi pafupi ndi mlatho. Anatumiza uthenga kuti atsikana oyembekezera abwere kudzadikirira m'tauni mvula isanayambe, ndipo anabwera asanu okha, chifukwa ndani angachoke pa nyumba ya bambo ake, pomwe akudyetsedwa ngati mlendo, kukagona pakhonde la chipatala mwezi wathunthu? Lolemba lililonse ankaimba foni ku likulu.

"Fayilo ili pa tebulo, bwana," ankayankha kalaliki.

"Tebulo la ndani?"

"Lidziwika Lachisanu, bwana."

Mvula inayamba pa nthawi yake. Chakumapeto kwa Julaye pa desiki pake panafika lipoti la masamba awiri. Jamuna Majhi, wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, mimba yoyamba. Anachira m'mawa kunyumba kwa bambo ake, mwana wamwamuna wamoyo, koma magazi sanaleke. Amuna anayi anamunyamula pa bedi la zingwe mpaka ku Baghnadi, napeza mlatho uli pansi pa madzi. Anadikira pagombe maola asanu, ambulansi akuiona kutsidya, dalaivala nayenso akuwaona, mpaka Jamuna anamwalira. Dzina la Jamuna linali lachinayi pa mayina aja a kumapeto kwa buku.

Tsiku limenelo Kuntala anayankhula. Analowa osagogoda.

"Jakisoni woletsa magazi ndinali naye m'firiji muja, mabotolo makumi awiri," anatero. "Jamuna ndinamulandira ndine pobadwa. Ndangoti mudziwe."

Panigrahi anatseka chitseko nalira, munthu wamkulu, mkulu wa boma lonse. Madzi akatayika saoleka.

Yankho la komiti linafika sabata yomaliza ya Ogasiti. Linati Kherapani itsegulidwenso, ndipo kompyuta ikonzedwe kuti mwana aziwerengedwa komwe wabadwira, m'chigawo chonse. Pansi pake Mayi Kamath anawonjezera ndi cholembera kuti kalata ya Panigrahi yapulumutsa tizipatala khumi ndi tinayi m'maboma ena. Panigrahi anawerenga mzerewo kawiri, koma sunamutonthoze. Anaganiza zopita nayo iye mwini kalata ya komitiyo ku Kherapani, ndipo anapempha Kuntala kuti atsagane naye.

Galimoto anaisiya pa mlatho, womwe unali utagumuka mbali imodzi, nawoloka wapansi, madzi akulekeza m'mawondo. Anafika ku Kherapani dzuwa lili pamutu. Pabwalo la kachipatala udzu unali utamera mpaka pakhomo, loko atachita dzimbiri. Anthu anasonkhana pang'onopang'ono pansi pa mtengo wa mango, amuna kutsogolo, amayi kumbuyo atafunda nsonga za sari kumutu. Amayi angapo anamugwira Kuntala manja. Panigrahi anawerenga kalatayo mokweza, n'kuimasulira m'chiyankhulo cha kumudzi. Palibe anaomba m'manja.

Mwamuna wina woonda, wa ndevu zosameta, anaimirira. Kuntala ananong'oneza kuti ndi Dasarath, bambo ake a Jamuna. Panigrahi anagwirizanitsa manja nawerama.

"Bambo, amene anasaina kuti pano patsekedwe ndine," anatero. "Ndinauzidwa nthawi ilipo, ndipo ndinachedwa kuyankhula. Sindikupempha kuti mundikhululukire."

"Inu sitikukudziwani, bwana," anayankha Dasarath mofatsa. "Ine ndikudziwa amene anapita kuchigwa kukamutenga. Apongozi ake anati msiyeni, kuno chipatala chili pafupi. Ine ndinati mwana wanga woyamba sangachirire kwa eni, anthu adzati bambo ake anafa. Ndinamukweza basi ndekha. Pa maliro apongozi akewo anati tinakupatsani wamoyo. Mdzukulu wangayo anamutenga tsiku lomwelo, sindinamuonenso."

Anayang'ana chitseko chokhoma chija.

"Tsegulani, ndi nyumba ya boma. Malungo aliko, njoka ziliko, tizibwera. Koma tinakhala pansi mudzi wonse, ndipo tinagwirizana kuti palibenso bambo wa ku Kherapani adzapite kukatenga mwana wake. Lero mwatsegula, mawa kubwera bwana wina ndi pepala lina. Azichirira komwe anakwatiwa."

Kuntala anali atatulutsa kale makiyi m'thumba. Anawagwira osasuntha.

"Nanga Malati, achimwene?" anafunsa. "Mng'ono wake wa Jamuna. Mimba yake mwezi uno ndi wachisanu ndi chiwiri. Ine ndabwerera, firiji ibwera Lachitatu. Pitani mukamutenge."

Dasarath anapukusa mutu.

"Anaimba foni dzana, akuti zovala walongedza kale, ndifika liti. Ndinamuuza kuti kuno asabwere. Analira, Didi. Akuti bambo, ndiye kuti mwandikana?"

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati eya, ndakukana."