Katoni ya Firiji ndi Ulendo wa ku Tokyo

Pa Amalawi onse opemphera ku Morley, mumzinda wa Perth, a Lamson Msaiwale ndiwo anali katswiri wa maulendo. Udindowu anadzipatsa okha atakhala maola khumi ndi limodzi pabwalo la ndege ku Singapore, kudikira ndege ina. Kuyambira pamenepo, nkhani zawo zambiri zinkayamba ndi mawu akuti, "Ife amene tinayendako ku Asia."

Akazi awo, a Emmie, sankatsutsa. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali pabanja, anali asanagonepo m'nyumba ali awiriwiri. Ku Area 25 kunali alamu ndi ana a achibale. Kuno ku Perth, wophunzira aliyense wotsika ndege ankafika ndi nambala ya a Msaiwale m'thumba, ndipo matiresi a pabalaza sankazizira.

"Masiku anayi ku Tokyo, bambo a Mwawi," anatero a Emmie. "Chipinda chimodzi, chitseko chimodzi, anthu awiri. Tikiti yanga ndagula. Yachiwiriyo ndigula ndikaona kogona. Mukalephera, ndilembetsa dzina la Dainess wa kukwaya, inu mutsale kulondera matiresi."

A Msaiwale anayamba monga ayambira Mmalawi aliyense woleredwa bwino: anafufuza wakwathu. Munthu sagona kuhotela mumzinda muli mnzake wa kumudzi. Pasanathe masiku awiri anapeza a Walusungu, mphwake wa mkulu wa mpingo wina ku Ekwendeni, amene ankachita maphunziro a zanthaka ku Tokyoko. A Walusungu anati alendo ndi madalitso, ngakhale chipinda chawo n'choti akafuna kuvala jekete amayamba atsekula zenera.

"Amenewo ndi anthu atatu," anatero a Emmie.

Choncho a Msaiwale anatha sabata yathunthu akusakasaka pafoni nthawi ya nkhomaliro, atakhala pamwamba pa mapaleti kunyumba yosungira katundu ku Kewdale, kumene ankagwira ntchito. Mitengo ya mahotela inkawavulitsa magalasi. Koma Lachisanu anapeza malo pakati penipeni pa mzinda, oyera mbee, otchipa ngati mphatso.

Lamulungu, mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi, anatulutsa pepala limene anasindikiza kuofesi ndi kuliyendetsa kuti aliyense aphunzirepo. Linafika m'manja mwa a Chilekwa, namwino wa ku Zambia wogwira ntchito ku Joondalup, amene ku Japan anapitako zenizeni.

"Ba Msaiwale, iyi si rumu," anatero a Chilekwa. "Ni kabokosi mu chipupa. Mungena chokwawa, pamwamba panu pagona wina. Bamuna kwao, bakazi kwao, simuonana mpaka kuseni."

"Ngati pamaliro," anatero a Emmie. "Amuna panja, akazi m'nyumba."

"Ndi chikhalidwe cha anthu otukuka," anayankha a Msaiwale, akulanda pepalalo. "Iwo sawononga malo. Munthu akagona amangofuna malo a msinkhu wake basi."

"Adzukulu kumanda nawonso amayeza choncho," anatero mayi wina akukoleza shuga mutiyi.

Atalowa m'galimoto, a Emmie anatenga pepala lija. Anawerenga miyeso ya papepala ija mofatsa: mamita awiri m'litali, imodzi m'lifupi, imodzi kupita m'mwamba.

"Kuntchito kwanu kuli makatoni a firiji," anatero. "Bweretsani imodzi. Loweruka masana mulowemo. Mukatha ola lathunthu osandiitana, tipita kumabokosi anuwo, sindidzadandaula. Mukandiitana, mufune chipinda chenicheni pofika Lolemba, apo ayi Dainess pasipoti ali nayo kale."

A Msaiwale anaseka pang'ono. Munthu amene anapirira maola khumi ndi limodzi ku Singapore sangaope ola limodzi m'galaja yake yomwe.

Loweruka linafika ndi dzuwa la Januwale, lija losungunula phula. Anagoneka katoniyo pakati pa makina otchetchera kapinga ndi masutikesi a alendo atatu amene anasamuka kalekale koma katundu wawo ayi. A Msaiwale anaponyamo pilo, anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pakhomo monga amachitira ku Japan, n'kukwawa kulowa. A Emmie anatseka kumapaziko ndi thaulo, anayang'ana wotchi, n'kubwerera m'nyumba.

Mphindi zisanu zoyamba zinayenda bwino. A Msaiwale anapeza kuti malowo ndi okwanira ndithu, ndipo anatembenukira kumanzere kuti anene zimenezi. Kumanzereko kunali katoni. Anaganizanso mfundo ina yabwino, yokhudza mmene maiko a ku Asia anatukukira chifukwa chogona mopanikizana, koma panalibe woti ayankhe kuti, "Ee, bambo a Mwawi, gonani." Zaka zonsezi ankayesa kuti chimawagonetsa tulo ndi mtendere wa mumtima. Tsopano anayamba kukayika kuti mwina anali mawu amenewo.

Thukuta linalowa m'khutu. Mwendo wamanja unachita dzanzi. Atafuna kukhala tsonga, mutu unagunda denga, katoni yonse n'kugwedezeka. Anaganiza za masiku anayi, iwo m'dirowa yawo, a Emmie m'dirowa ina pansanjika ina, aliyense akumva mkonono wa mlendo.

"Mayi a Mwawi."

Anakweza mawu.

"Mayi a Mwawi, nthawi ili bwanji?"

Chitseko cha kukhitchini chinatsekuka. "Zatha mphindi khumi ndi zinayi," anatero a Emmie. "Koma sindingafike kumeneko. Akazi saloledwa kumbali ya amuna."

A Msaiwale anatuluka chobwerera m'mbuyo, matako patsogolo.

Lolemba m'mawa anaonetsa akazi awo chimene anapeza: kachipinda kumapeto kwa njanji, mphindi makumi anayi kuchokera pakati pa mzinda, pamwamba pa sitolo yokonza njinga. Bedi linkagunda makoma atatu. Chitseko chinkatsekukira kunja chifukwa mkati munalibe koti chipite.

"Chili ndi loko?" anafunsa a Emmie.

"Ndafunsa. Chili nayo."

A Emmie anagula tikiti yachiwiri, n'kulembetsa dzina la Lamson Msaiwale. Lamulungu lotsatira, a Msaiwale anachenjeza mpingo wonse za mahotela a mabokosi, monga munthu amene anagonamo.

Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, ali patebulo kudya chakudya cham'mawa, foni inalira. Unali uthenga wa a Walusungu. Anati popeza akuluakulu akana kufikira kwawo, iwo ndiwo abwera kudzacheza masiku onse anayiwo, ndipo asavutike za bedi, azigona pansi pomwepo.

A Msaiwale anali asanakanepo mlendo chibadwire. Anayang'ana akazi awo. A Emmie ankapaka majarini pabuledi, osathandiza ngakhale ndi diso.

Analemba ndi chala chimodzi, n'kufufuta, n'kulembanso: "Pepani achimwene, malo palibe. Tikumane kusiteshoni timwe tiyi."

Anatumiza. Kenaka anatembenuza foniyo kuti a Emmie aone.

"Sindinaname," anatero. "Pansipo palibedi."