Dziwe la Pansi pa Simenti

Anthu ankangowatchula kuti a Ndowa, chifukwa kwa masabata atatu ankayenda ndi ndowa ziwiri, kututa achule. Dziwe la kuseri kwa fakitale linali loti likwiriridwe kuti pakhale poimika magalimoto, ndiye ofesi yoona zachilengedwe inawatuma kuti asamutsire zamoyo zonse kudziwe lina, tsidya la msewu. Anasamutsa akamba a m'madzi, ngakhale njoka ziwiri zimene palibe anazipempha. Koma mtima wawo unali pa tiachule tina ta miyendo yofiira, tokwana m'kabokosi ka machesi. Zaka makumi awiri akuyendera madambo, sanationepo kwina kulikonse.

"Bambo inu, ine pondikwatira simunandinyamule mwaulemu chonchi," ankatero akazi awo.

"Mayi, inuyo mundowa mukanakwanamo?"

Dziwe lakale lija litakwiriridwa, simenti itauma, mvula yoyamba inagwa Lachiwiri m'mamawa. Popita kukaona dziwe latsopano lija, a Ndowa anapeza msewu uli mawangamawanga. Anawerama. Tiachule tija, tophwanyika paphula, mitu yonse italoza kufakitale. M'pamene anakumbukira chinthu chimene ankachidziwa kalekale: mtundu umenewu umakaikira mazira kumene unabadwira.

"Achimwene, alendo anu aja abwerera," anatero mlonda wa pageti la fakitale, iwo atafika. "Ndimati ndiwafunse ziphaso, angondidutsa m'miyendomu."

A Ndowa sanaseke. Pakati pa simentiyo panali chithaphwi, madzi osafika ndi m'kakolo momwe, mafuta a galimoto akuyandama pamwamba. Munali tiachule tisanu ndi tiwiri, mazira titaikira kale. Anatitola ndi manja onyowa, mazira n'kuwatunga ndi chivundikiro cha ndowa, n'kuwoloka msewu.

Kudziwe latsopano anayang'anitsitsa mazira aja. Anali atayamba kuyera. Mazira a chule akayera, ndiye kuti basi.

Anaimbira foni abwana awo kupempha kampanda, ngakhale ka pulasitiki, kotchinga m'mbali mwa msewu.

"Madala, ntchito imene ija tinaitseka," anayankha abwana. "Mulipoti tinalemba kuti zonse zinasamuka bwino. Munasaina ndinu."

Pamene amaika foni m'thumba, tiachule titatu tinali titatuluka kale m'madzi, tikulumpha m'maudzu kulowera kumsewu. Anatigwira, n'kutibwezera. Tina tiwiri tinatulukira mbali ina. Anawerenganso: tisanu. Anawerenganso kachitatu: tinayi.

Anakhala pandowa, mawondo akuwawa. Kumsewu malole a fakitale anali atayamba kudutsa.