Malire a Waifai

Kabokosi ka waifai kanabwera ku Mavwere ndi anthu a bungwe lina. Anakamangirira pamtengo wachitsulo kuseri kwa nyumba yosungiramo mtedza, anajambula zithunzi, n'kutiuza kuti tisankhe komiti yoika malamulo. Sitinawaonenso.

Wapampando anali a Rodrick, mlembi mayi Luwiza. A Lameki, amene anachoka ku Mulanje kalekale kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, anawaikamo pongodzaza mpando. Iwo ankafuna chinthu chimodzi, kuona pafoni nkhope ya mwana wawo Tadala, wokwatiwa ku Chipata, amene anali woyembekezera.

A bungwe aja ananena kuti waifai ili ndi malire ake, ndiponso kuti anthu akachuluka imachedwa. Komiti inagwira mawu akuti malire. Inagwirizana kuti mawu achinsinsi olowera azipatsidwa kwa okhala m'kati mwa malire okha.

"Nanga malirewo ali pati?" anafunsa a Lameki.

"Tiwapeza, achimwene," anatero a Rodrick. "Munda umadziwika poyenda."

Anayendadi. Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chitatalika kuposa munthu. A Rodrick anatsogola foni ili m'manja, ndipo pamene timizere toonetsa mphamvu ya waifai tathera, mayi Luwiza ankabzalapo nkhadze. Mbali ya kwa a Lameki timizere tinathera pachulu, nyumba yawo ikuoneka patsogolo.

"Takwezani dzanja pang'ono, apampando," anapempha a Lameki.

"Ndine mlongoti ine?"

Anthu anaseka. Nkhadze inabzalidwa pachulupo.

Chimanga chitadulidwa, minda ili mbee, a Lameki anakhala pakhonde n'kuona dzina la waifai latulukira pafoni yawo, timizere tiwiri. Sabata yomweyo Tadala anachira, mwana wamwamuna. A Lameki anapita nayo nkhani ya waifaiyo kumsonkhano.

"Yafika yokha pakhomo panga. Sindinaiitane. Ndipatseni mawu aja."

Mayi Luwiza anati malire sayenda. Wina anati mukalola Lameki, mawa esiteti yonse ibwera, mkuja a ku Zambia. Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka.

"Nkhadze sinalakwe," anatero a Rodrick pomaliza. "Yalumpha malire ndi waifai. Mbuzi ikalowa m'munda wa eni, timafupikitsa chingwe."

Anthu anakweza manja kuvomereza. A Lameki sanakweze, ndipo mlembi sanayang'ane n'komwe mbali yawo.

M'mawa mwake a komiti anatsitsa kabokosi kufika pakati pa mtengo. Pakhonde pa a Lameki dzina lija linazimirira.

Tadala anaimba Lamulungu, foni wamba ya mawu okha.

"Ababa, mwanayu ndi inu ndithu. Mphuno, chipumi, ngakhale kukwinya nkhope. Mwaona chithunzi ndatumiza chija?"

A Lameki anayang'ana kuchulu. Nkhadze ija inali itaphuka bwino.

"Ndamva, mwanangu," anatero. "Tandiuzanso za mphunoyo."