Maso a Chinjoka cha Nabeshima

Nabeshima anali atagona kale chafufumimba pamkeka, msana uli pamtunda, pamene a Genzo, mmisiri wotema mphini, anaika pansi kansungwi ka masingano.

"Lero ayi," anatero a Genzo.

Chinali chaka chachisanu ndi chimodzi Nabeshima, wofolera nyumba wa ku Asakusa, akubwera mwezi ndi mwezi kudzatemedwa mphini za chinjoka pamsana. Chinjoka chinali chitatha: mamba, zikhadabo, mitambo yakuda yozungulira nthiti. Kunatsala maso okha. Maso amatemedwa pomaliza, poti ndiwo amadzutsa chinjoka. Koma m'maso mwa a Genzo munali mutagwa ng'ala, ndipo msana wonsewo ankauona ngati phiri la m'nkhungu.

"Aphunzitsi, aka n'kachitatu," anatero Nabeshima, nkhope ili papilo. "Kubafa la anthu onse la m'dera lathu anzanga amati ndabereka nsato yakhungu."

"Pita kwa otema ndi makina aja. Mphindi khumi, zatha."

"Ndikanafuna makina ndikanapita kwa telala."

Mvula ya mu Juni inkawaza padenga. Pakona, Tokiko, mkazi wa a Genzo, ankapera inki pamwala monga anachitira zaka makumi anayi, fungo la mwaye litadzaza chipinda. Anayankhula osadzutsa mutu.

"Bambo, masowo nditeme ndine."

"M'nyumba muno mkazi sagwira nsungwi. Aphunzitsi anga ankati..."

"Aphunzitsi anu anagona kalekale. Zaka makumi atatu ndakhala ndikutema maluwa pa daikoni, muzu woyera wonga karoti uja, kukhitchini ndisanamusende n'kuphika. Mwadya munda wonse wa maluwa osadziwa."

Nabeshima anaseka mpaka chinjoka chinagwedezeka. "Mutu umodzi susenza denga, Aphunzitsi. Za madenga funsani ine."

A Genzo anatembenukira kwa Nabeshima. "Msana ndi wako," anatero.

"Temani, Mayi," anatero Nabeshima.

Tokiko anagwada, nakoka khungu ndi dzanja lamanzere, natsamiritsa nsungwi pachala chachikulu. A Genzo anatsinzina. Maso analibe nawo ntchito, poti dzanja la mmisiri limadziwika ndi kulira kwa masingano akamatuluka m'khungu. Tsaka, tsaka, tsaka. Ankadikira kumva pamene Tokiko akayikire, koma sanapamve. Kamvekedwe kake sikanali kawo, sikanalinso ka aphunzitsi awo. Kanali kopepuka, kothamangirako pang'ono, ngati mpheta ikujompha mpunga pakhonde. A Genzo anangodziona ali mnyamata, atagwada kuseri kwa chitseko cha pepala, akumvetsera ntchito imene sankaloledwa kuiona.

Pofika madzulo Tokiko anapukuta magazi ndi kansalu. Chinjoka chinamuyang'ana.

Nabeshima atapita, a Genzo anafufuza kapu yawo ya tiyi pamkeka mpaka anaipeza.

"Mtsikana uja wofuna maluwa paphewa, ndinamubweza kangati?"

"Kawiri."

"Muimbire foni. Umuuze abwere Lachisanu, afunse za iwe."