Tulo ta Masana ta a Virgílio

"Ku dima lanulo anthu sabwera," anatero Anastácia kwa mnansi wake Zeferina, uku akupeta mapira, osadzutsa n'komwe mutu.

Zeferina anali atayamba kale kufulula mowa kuti anansi adzamuthandize kugalauza munda umene unasanduka tchire nthawi ya nkhondo, iwo ali ku Zambia. Mvula inali pafupi. Popanda dima, chaka choyamba chobwerera ku Malowera chikanakhala cha njala.

"Talakwanji, komadre mnzanga?"

"Mukufunsa ine? Amuna anu a Virgílio usana wonse ali gone m'nyumba, usiku ndiye yakaliyakali pabwalo. Woyenda anzake atagona timamutcha ndani?"

Zinamupweteka Zeferina, ndipo zinamukwiyitsa. Ufiti wanji? Bambowo anagwira ugwarda zaka zonse za ku Zambia, kulondera nkhokwe usiku n'kumagona masana. Ntchito inatha, koma tulo tinakana kubwerera m'malo mwake. Mutu unkawawawa, chakudya sichinkalowa, ukali ndiye wosayamba.

M'mawa mwake Zeferina anawakoka amuna akewo mpaka ku posto, kachipatala ka m'deralo, kumene amisiri anali akukhomabe denga. A Berta, anamwino, ankaonera odwala pansi pa mtengo.

"Tipatseni mankhwala ogonetsa," anatero Zeferina.

"Masana amagona pati?"

"M'nyumba. Ndinatseka zenera ndi bulangete kuti kuwala kusawavutitse."

A Berta anaseka. "Ndiye owalodza ndinu, mayi. Thupi lili ndi tambala wake wam'kati, wouza munthu nthawi yogona, yodzuka, ngakhale yomva njala. Tambalayo amatsata kuwala kumene maso aona m'mawa. Wa bambowa akulira mozondoka, inu n'kumamufunditsanso bulangete. Mapiritsi ayi. Azidzuka kukacha, aziwothera dzuwa, masana asagone. Poyamba kuwawa, koma thupi limva."

"Ndifatu ine," anadandaula a Virgílio.

"Palibe anafa ndi dzuwa la m'mawa, bambo."

Zeferina si munthu womuuza kawiri. Kutangocha anakanganula bulangete lija, nawapatsa khasu amuna ake. Njira yachidule ya kumunda anali nayo, koma iye anasankha yodutsa pakati pa mudzi, pakhomo penipeni pa Anastácia.

"Perekani moni mokweza," anawanong'oneza. "Akuoneni ndi maso awo."

Masana ndiye inali nkhondo. A Virgílio ankasinza chiimire atatsamira mpini, mkazi n'kuwatuma kumtsinje, akabwerako n'kuwapatsa nsungwi zoti ang'ambe. Anakangana, anatukwanizana, tsiku lina bambowo anathawira m'nkhokwe n'kugona pa zitsononkho. Zeferina anawatulutsa chokoka mwendo. Chisoni ankachimva ndithu, koma sanafooke.

Pang'onopang'ono tulo tinayamba kubwera msanga madzulo. Njala nayo inabwerera, moti mbale ankaisiya mbee.

Tsiku la dima Zeferina anakhala pafupi ndi mbiya za mowa, maso ali kunjira. Dzuwa linakwera ndithu popanda munthu. Kenako anatulukira Anastácia, khasu lili paphewa, amuna ake ndi anansi ena ali pambuyo.

"Komadre," anatero asanapereke n'komwe moni, "muwauze amuna anuwo achepetse mkonono. Ife a nyumba yoyandikana sitikugona."

Anamanga kapulana m'chiuno n'kufunsa koyambira mzere.